Mazira Awiri M'chipewa

Lachinayi, 19 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti msana uja unaleka kukuzunzani. Ife kuno tilipo. Mvula yayamba kukata, ndipo mlamu wanu walowa mwezi wachisanu ndi chiwiri, moti masiku ano chikagwa pansi wotola ndine.

Mudabwa kulandira kalata pamene foni ndili nayo. Ndinayesa kawiri kukuimbirani, koma kawiri konseko ndinadula isanaitane. Ndimakudziwani, achimwene. Ndisanafike pakati pa nkhani inu mumakhala mutaweruza kale mlandu, chilango mwapereka, kenako mukufunsa za mvula. Ulendo uno ndikufuna mundimve mpaka kumapeto. Kalatayi ikamakupezani, mnzanu uja, a kapitawo athu, adzakhala atakuimbirani kale. Musawatsutse, chifukwa zambiri zimene adzanene n'zoona. Ine ndikungofuna kuwonjezera zimene adzasiye.

Sindinaiwale kuti ntchito ino munandipemphera ndinu. Ndinakhala chaka ndi theka ndikungoyendayenda ndi mapepala m'manja, mpaka inu munadzichepetsa kwa munthu amene munkayendetsa naye malole kale, n'kumuuza kuti mng'ono wanu buludoza amaidziwa. Anandilemba, anandipatsanso nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, ya mpanda wa malata ndi mpopi pakhomo. Mawu anu a tsiku lija ndimawakumbukira: kuti ntchito ino ndikaitaya chifukwa cha kamtima kanga kaja, ndisadzakuuzeni n'komwe. Ndiye ndikukuuzani.

Ntchito yathu ndi yokwirira dambo lalikulu lili kuseri kwa siteshoni ya mabasi, kuti pamangidwe nyumba zosungiramo katundu. Malole amathira miyala ndi dothi, ine ndimakankha n'kusalaza. Tsiku loyamba ndinapeza bango lotalika kuposa buludoza, achule akusokosera moti injini yokha ndiyo inkawaposa. Lero theka la dambolo ndi bwalo louma, lofiira. Madzi amene ankakhala mmenemo sanapite kumwamba ayi. Mvula ya mwezi watha inawaperekeza m'nyumba za anthu a kumunsi, ndipo ndinaona mayi wina akuyanika matiresi padenga akutitukwana ife tonse ndi makolo athu. Njoka nazo zasamukira m'makhitchini mwa anthu. Zonsezi ndinkaziona, koma ndinkati ine ndi woyendetsa chabe.

Pali lamulo lina limene sindinkalidziwa. Tisanakwirire chigawo chilichonse, kumabwera mayi wina wa ku ofesi yoona zachilengedwe, wovala jombo zofika m'mawondo, ndi magalasi oonera patali. Ife timangowatchula kuti mayi wowerenga mbalame. Amaima m'mawa katatu, n'kumalemba m'kabuku zimene aona. Akapeza chisa cha mbalame zina zimene akuti zatsala pang'ono kutha, ntchito imaima mpaka ana auluke, ndipo nthawi zina malowo amaletsedweratu. A kapitawo anapeza njira yawo. Tsiku la mayiwa likayandikira, timalawirira kukamenya migolo m'mbali mwa bango ndi kuliza ma injini onse, kuti mayi akamafika apeze dambo lili zii. Tinkaseka, achimwene. Ine ndiye ndinali katswiri wa mgolo.

Mbalame zonse zinkathawa kupatula ziwiri. Ndi mbalame zazitali miyendo, zotuwa, za masaya oyera ndi nthenga zagolide zoimirira pamutu. Dzina lake lenileni mayi aja amalitchula koma limandithawa, ife timangoti zachisoti. Tikamenya migolo zinkauluka, n'kuzungulira, n'kubwerera malo omwewo. Sabata zisanu ndi imodzi zapitazo, Lolemba, ndinadziwa chifukwa chake. Ndikukankha dothi chakumadzulo kwa dambo ndinaona mulu wa udzu wopondedwa bwino pakati pa madzi, pamwamba pake pali mazira awiri aakulu kuposa a bakha. Ndinazimitsa injini n'kukaitana a kapitawo.

Anabwera, anayang'ana, anayang'ananso kumsewu. Mayi aja amayenera kubwera mawa lake.

"Ukuti chisa? Ine ndikuona udzu. Kankha."

Ndinawauza kuti mwina tingazungulire, tisiye kachigawo kameneko. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ntchito ikaima miyezi inayi, anthu makumi atatu apita kwawo, ine ndi nyumba yanga poyamba. Kenako anatchula dzina lanu, n'kuchoka osacheuka, kuti asaone.

Ndinakankha, achimwene. Musaganize kuti ndikudzilemba ngati munthu wolimba mtima. Koma ndisanakankhe ndinatsika ngati ndikuyang'ana tcheni, ndinalowa m'madzi ofika m'ntchafu, ndinatenga mazira aja ali otentha, n'kuwakulunga ndi masokosi anga m'chipewa cholimba chija cha kuntchito. Sindinali ndi pulani iliyonse. Manja anangochita okha. Chisa ndinachikwirira mbalame zija zikulira pamwamba pa mutu wanga, kulira kokhala ngati hutala ya lole yakale, ndipo nthawi ya chakudya ndinanama kuti ndatsekula m'mimba n'kuthamangira kunyumba chipewa chili m'manja. Mlonda wa pageti anandifunsa chifukwa chake ndanyamula chipewa ngati mbale ya ndiwo, ndinamuuza kuti chikundiwawitsa mutu. Mawa lake mayi aja anapeza dothi, ndipo tonse oyendetsa makina tinasaina pepala lakuti sitinaone chisa chilichonse. Siginecha yanga ndi yachitatu kuchokera pamwamba.

Mlamu wanu ali ndi thadzi lakuda, lokalipa, limene nthawi imeneyo linali litangoyamba kufungatira. Nditamuonetsa za m'chipewa anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti amuna a anzake amabwera kuchokera kuntchito ndi shuga, wake amabwera ndi milandu. Anandilalatira mpaka madzulo, koma mazirawo anawaika yekha pansi pa thadzi, atachotsapo ake anayi kuti malo akwane. Ankawatembenuzanso yekha ndi dzanja chifukwa nkhukuyo inkalephera, uku akung'ung'udza kuti saswa, tingotaya nthawi.

Anaswa patapita masiku khumi ndi awiri, onse awiri. Tinthu tofiirira, taubweya, tamiyendo ngati timitengo ta machesi. Thadzi linayang'ana anawo kamodzi n'kuvomera kuti ndi ake basi. Sabata yoyamba zinali zosavuta, aliyense akanati ndi anapiye a mtundu wachilendo. Koma zinthuzi zimakula ngati zikuthamangitsidwa. Lero zatha mwezi, ndipo zikuyang'ana mayi wawo pamsana. Madzulo zimafunabe kulowa pansi pa mapiko ake, ndiye thadzi limangokhala lili m'malere, miyendo ya ana ili kunja mbali zonse. Chimanga chokha sizikhuta, ndiye ine munthu wamkulu, woyendetsa buludoza, ndikaweruka ndimakhala ndikuthamangitsa ziwala kuseri kwa mpanda ndi botolo. Ndikudziwa mukuseka, ndipo mukukumbukira tsiku lija ndinalirira njiwa imene munaigenda ndi legeni, n'kundipatsa dzina lija la Wamisozi. Sekani, koma muwerengebe.

Chimene chandidya mtima si zimenezi. Makolo a anawa sanachoke. M'mawa uliwonse ndikafika kuntchito ndimawapeza ataima awiriwiri pa mulu wa miyala, pamalo enieni pamene panali chisa. Palibe madzi, palibe udzu, palibe chakudya, koma amaima pomwepo n'kumayang'ana pansi. Ndikaliza injini amasuntha pang'ono, ndikadutsa amabwerera. A kapitawo anawatumizira anthu ndi miyala, anabwererabe. Ine ndimadziwa kumene kuli ana awo, mtunda wosakwana theka la ola wapansi, ndipo ndimawadutsa tsiku lililonse ngati sindikuwadziwa. Zimandichititsa manyazi kuposa chilichonse chimene ndinachitapo.

Mayi wowerenga mbalame nawo anaziona. Sabata yatha anandipeza ndikuthira mafuta pafupi ndi mpanda. Sanakweze mawu. Anangoloza ndi cholembera n'kundifunsa kuti, "Bambo, inu mumakhala pamwamba, mumaona zambiri. Mbalame ziwirizi zikufuna chiyani pa miyala?"

Ndinayankha kuti mwina zimakonda kuothera dzuwa. Anandiyang'ana mmene amayi ankatiyang'anira tikabwera ndi milomo ya shuga. Anandiuza kuti mbalamezi sizisiyana moyo wonse, ndipo m'chigawo chonse chino anali atawerenga mabanja asanu ndi awiri okha, ili linali limodzi mwa iwo. Anati Lachisanu, kutanthauza mawa, abwera ndi akuluakulu awo kudzagamula ngati theka lotsala la dambo likwiriridwe, ndipo iwo alibe umboni, koma chithunzi cha patali cha mbalame zitaima m'bango. Anang'amba kapepala m'kabuku kawo, analembapo nambala, n'kukasiya pa thanki ya mafuta osandipatsa m'manja. Ndinakabisa mkati mwa chipewa chomwe chija.

Lamlungu masana a kapitawo anabwera kunyumba. Sanabwerepo chiyambire. Anati akudutsa, akufuna aone ngati denga likudontha. Titamva njinga yamoto yawo, mlamu wanu ananyamula ana aja m'khwapa, mmodzi uku wina uku, n'kuwatsekera m'bafa. Tinawakhazika alendo pakhonde, tinawapatsa tiyi, tinakamba za inu, za lole imene munagubuduzika nayo limodzi, tinaseka. Zikanatha bwino pakanapanda thadzi. Linatulukira kuseri likuitana, linapita molunjika pa chitseko cha bafa n'kuyamba kupalasa, ndipo mkatimo munayankha timawu tiwiri toliza mluzu. Mlamu wanu anati ndi anapiye odwala, tawapatula. A kapitawo ankayang'ana pansi, pamatope a pampopi, pamene panali mapazi a zala zitatu zazitali zimene nkhuku iliyonse ilibe. Anaika kapu pansi bwinobwino, anapita kukatsekula bafa, ndipo wamkulu mwa ana aja anatulutsa mutu n'kuwajompha batani la malaya.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatseka chitseko n'kundiitanira kunja kwa mpanda. Anati zinthuzi zikaoneka, pepala lija tinasaina likhala bodza la tonse, kampani ilipitsidwa, ntchito iima, ndipo woyamba kufunsidwa ndine amene ndinakankha chisa. Anati amandimvera chisoni chifukwa cha inu, ndiye andipatsa mpaka Lachinayi poweruka. Anamasula thumba la simenti lopanda kanthu pa njinga yawo n'kundipatsa. Ine mwa mantha ndinati ndizipha ndekha n'kuzikwirira. Anaseka pang'ono.

"Iwe ndi wokwirira, ndikudziwa. Kwirira zinazo, koma miyendo undibweretsere. Inayi."

Anadziwa zimene tikanachita. Nditamufotokozera, mlamu wanu anaganizadi zososola atambala awiri aang'ono n'kuwaponya m'thumba, koma miyendo ngati imeneyo sungaigule pamsika uliwonse.

Masiku atatu apitawa sindinagwire ntchito ngati munthu. Lachiwiri ndinatsala pang'ono kugunda lole pobwerera m'mbuyo. Woyendetsa wake ndi bambo wachikulire wa ana asanu, amene amandigawira chakudya chake ndikaiwala changa. Anatsika, sanandinyoze, anangondigwira paphewa n'kunena chapansipansi kuti nkhani yamveka, ndipo iye alibe nazo mbalame chifukwa, koma ana ake sadya nthenga. Musaganize kuti mbali inayo kuli anthu oipa okhaokha. Kuli bamboyu, kuli mlonda wa pageti, kuli mwana wanga amene sanabadwe.

Lero m'mawa sindinapite kuntchito. Ndinanola mpeni pa mwala wa pampopi, nthawi yaitali kuposa mmene mpeni umafunira. Mlamu wanu anakhala pampando pakhomo akundiyang'ana. Ndinagwira wamng'onoyo, ndinamupanikiza mapiko ndi bondo mmene timachitira ndi nkhuku. Sanaphiriphithe. Anazolowera kuti ndikamugwira ndiye kuti kukubwera chiwala, ndiye anangoyamba kufunafuna m'dzanja langa, dzanja lomwe linali ndi mpenilo. Pamutu pake payamba kale kumera tinthenga tachikasu. Ndinakhala choncho sindikudziwa mphindi zingati.

"Mukamaliza mundiuze," anatero mlamu wanu, "kuti mwana akadzabadwa ndidzadziwe chomuuza za bambo ake."

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti tikhoza kugona panja mwezi wamawa, iye ali mmene alilimu. Anati akudziwa bwino kuposa ine, chifukwa wonyamula ndi iye. Anati anabadwira m'chipinda chimodzi cha anthu asanu ndi atatu ndipo sanafe, koma kukhala ndi mwamuna amene amadzuka m'mawa uliwonse n'kumaopa kuyang'ana mulu wa miyala, zimenezo watopa nazo. Kenako anapita kukatenga chipewa changa, anatulutsa kapepala kaja, kamene ndinkaganiza kuti sakukadziwa, n'kundipatsa pamodzi ndi foni.

Apa ndiye pamene ndakhala ndikuzungulira kuyambira tsamba loyamba. Ana aja kuno kulibe, achimwene. Ndinaimba. Mayi aja anati kuli malo kumene amalera mbalame zotere mpaka zitatha kubwerera kutchire, ndipo mwina, mwina, makolo awo akhoza kuwalandira akawaika pafupi ndi madzi otsalawo. Sanandinamize. Anati mbalame zokha si umboni, pafunika munthu woima mawa pamaso pa akuluakulu n'kunena kumene anazitenga, tsiku lake, ndi amene anamutuma. Anati pepala lija ndinasaina lindipweteka ine ndemwe, ndipo sakulonjeza kuti dambo lipulumuka. Ndinati ndidzabwera. Mawu anatuluka okha, ngati mmene manja anachitira tsiku lija.

Mlamu wanu wanyamuka cha m'ma leveni ndi dengu lalikulu lochapira lija, atalivundikira ndi nsalu, kukapereka ana aja kwa mayi wowerenga mbalame. Ndinafuna kupita ndine, anakana, anati woyendetsa buludoza wonyamula dengu aliyense amucheukira, koma mayi woyembekezera palibe amamufunsa. Ndinamuperekeza ndi maso mpaka pokwerera basi. Nsalu inkatukuka pamwamba, mitu iwiri ikufuna kuona kumene ikupita. Wandiimbira kuti wafika, ndipo agona kwa mng'ono wake, chifukwa sindikufuna akhale pano madzulo ano.

Tsopano ili folo koloko. Anzanga aweruka faifi, ndipo njinga yamoto ija siichedwa. Thumba lawo ndalipinda bwino, lili patebulo pambali pa pepala lino, ndiwabwezera mmene anandipatsira. Ndikuopa, sindikubisirani. Ndalakwitsa kale mizere iwiri imene mukuiona ndafufutayo. Sindikudziwa ngati akandiopseza, kapena akandinyengerera, kapena akangotchula dzina lanu, chimene ndikuchiopa kwambiri.

Ndili ndi zopempha zitatu. Choyamba, mnzanuyo musadane naye chifukwa cha ine. Anandichitira zabwino, ndipo naye ali ndi amene amamupanikiza kumwamba. Chachiwiri, amayi musawauze kaye, kuthamanga kwa magazi kuja kungakwere, ndidzawauza ndekha zikadziwika. Chachitatu ndi chovuta kulemba. Ngati atitulutsa m'nyumba muno, kachipinda kanu kakumbuyo kaja mumasungiramo matayala, kodi mlamu wanu angakhalemo mpaka atachira? Ine ndidzaona kolowera. Simukuyenera kundilankhula kuti mumulandire iyeyo.

Munandiuza kuti munthu wabanja amayang'ana ntchito yake, zina zonse amazisiya. Ndinayesetsa, achimwene, sabata zisanu ndi imodzi. Ngati mwakwiya, kwiyani, muli ndi chifukwa. Koma mundiyankhe, ngakhale ndi mzere umodzi wondilalatira, chifukwa kukhala chete kwanu sindingakupirire pamwamba pa zonsezi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti juzi ya mwana ija analuka inafika ndipo ndi yokongola. Ana muwapsompsone, wamkuluyo mumuuze kuti lonjezo lomukweza buludoza lija mwina lichedwa pang'ono. Mlamu wanu anati ndikupatseni moni ndipo musandikalipire kwambiri, kukalipako anamaliza kale iye.

Pakhomo pano tatsala awiri, ine ndi thadzi. Kuyambira masana silinadye. Likungozungulira bwalo likuitana, lapita ku bafa katatu, ndipo pano laima pampopi, pamatope pamene pali mapazi aja, likuyang'ana pansi. Ndalithira chimanga, silikuchiona n'komwe. Ameneyu ndi mayi wachiwiri amene ndamulanda ana omwewo, ndipo onse awiri sindingathe kuwafotokozera. Inu nokha ndi amene ndingakufotokozereni, n'chifukwa chake ndalemba zambiri chonchi.

Njinga ija yamveka kumsewu. Ndiime pano.

Ndine mng'ono wanu,
Wamisozi